Magalimoto 6 panyumba ya lendi: nkhani ya wogulitsa wina wa ku Rosettenville

Ndimasunga mabuku a ndalama ndi kukonza mapepala a mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Johannesburg, ndipo ambiri amene amafika pa ofesi yanga ndi a kwathu. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, chifukwa ogula ndi kugulitsa magalimoto achuluka pakati pathu, ndipo onse amabwera ndi funso limodzi: laisensi yogulitsira magalimoto imatengedwa kuti? Eni nkhaniyi anavomera kuti ndiilembe, bola mayina asatuluke.

Chiyambi chake

Bambowa ndi a ku Ntcheu, ndipo ku Joni anabwera akadali mnyamata. Anayamba ndi kutsuka magalimoto pa yadi ina mu Jules Street, msewu wa ku Malvern umene aliyense wofuna galimoto yakale amaudziwa. Kenako anaphunzira kuwongola ndi kupopera penti, ndipo dzanja lawo ndi labwino zedi. Anakwatira mayi wa konkuno, ndipo banja litapyola zaka 5 anapeza chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, monga momwe Immigration Act ya 2002 imalolera. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa popanda chilolezocho nkhaniyi ikanayenda njira ina.

Geni ya magalimoto anaiyamba mwa apo ndi apo. Amagula yogundidwa ku okushoni, kuikonza Loweruka ndi Lamlungu, n'kuiika pa Facebook Marketplace. Pofika kumayambiriro kwa 2023, panyumba yawo ya lendi ku Rosettenville panali magalimoto 6, atatu m'kati mwa mpanda, atatu panja podutsa oyenda pansi. Gawo lina la mpamba linali la msuweni wawo, amene amayenda pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg kutenga katundu wa maoda.

Aneba atatopa ndi kulambalala magalimoto, anakadandaula. Anayamba kubwera apolisi a mzinda, nkhani yawo inali yotseka njira basi. Patapita masiku kunabwera wapolisi wina wa SAPS (polisi ya dziko lonse) woyang'anira ogulitsa katundu wakale, amene pa siteshoni amamutcha DSO. Iyeyu sanafunse za njira. Anafunsa zinthu ziwiri: satifiketi ndi kaundula. Bambowa analowa m'nyumba n'kukatenga satifiketi ya kampani ya ku CIPC, ofesi yolembetsa makampani, yoikidwa bwinobwino m'fulemu ya galasi. Wapolisiyo anaiwerenga, anaibweza, n'kuyamba kulemba manambala a chasisi a magalimoto onse 6. Akanatha kuwatsegulira mlandu tsiku lomwelo. M'malo mwake anawauza kuti asiye kugula ndi kugulitsa mpaka atalembetsa.

Atafika kwa ine, mawu awo oyamba anali akuti, "Achemwali, laisensi ndili nayo, ndinalipira R3,500 kwa munthu, koma apolisi akuikana." Munthuyo anali dobadoba wa m'tauni, ndipo chimene anawachitira ndi kulembetsa kampani, ntchito imene ku CIPC siifika n'komwe R200.

Apa m'pamene ambiri amasokonekera. South Africa ilibe pepala limodzi lotchedwa laisensi ya wogulitsa magalimoto. Pali mapepala angapo ochokera ku maofesi osiyana, ndipo lililonse limayankha funso lakelake. Apolisi amafuna kudziwa kuti ndiwe yani, katundu ukusungira kuti, ndipo unamugula kwa yani. A ku licensing, kudzera mu NaTIS, kaundula wa pakompyuta wa magalimoto onse a m'dziko muno, amafuna kudziwa kuti galimoto ili m'dzina la yani lero. Khonsolo ya mzinda imafunsa ngati malowo ndi ololedwa kuchitirapo malonda otere. A Financial Intelligence Centre amafunsa za ndalama. Satifiketi ya CIPC siyankha funso lililonse mwa awa. Ili ngati chiphaso cha kubadwa kwa mwana: imangonena kuti kampani inabadwa tsiku lakuti.

Satifiketi imene wapolisiyo ankafuna ndi ya pansi pa Second-Hand Goods Act, lamulo nambala 6 la 2009, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Epulo 2012 m'malo mwa lakale la 1955. Lamuloli limati aliyense wochita malonda a katundu wakale, kuphatikizapo magalimoto ndi zipangizo zake, alembetse kupolisi, ndipo milandu ina ya m'lamuloli imafika zaka 10 m'ndende. Kugulitsa galimoto yako imene watopa nayo si nkhani. Kugula n'cholinga chogulitsa, mobwerezabwereza, ndiye malonda amene akunenedwa, ngakhale ulibe chikwangwani pageti.

Zimene zinali m'jumbo

Ndinawapempha kuti abweretse pepala lililonse lokhudza magalimoto aja. Anabweretsa jumbo ya pulasitiki. M'katimo munali ma RC1, amene kwathu timati bulubuku, ndi mafomu achikasu a NCO odziwitsa kusintha kwa mwini. Fomu iliyonse inali yosainidwa ndi wogulitsa, koma pa deti panali popanda kanthu, pa dzina la wogula panalinso popanda kanthu. Ina inali ndi chidindo cha kapu ya tiyi pakona, ina inanyowapo mafuta a injini.

Njira imeneyi ndi yofala, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ukagula galimoto, suiika m'dzina lako; umasunga mapepala osalembawo mpaka utapeza kasitomala, n'kulembapo dzina lake, ngati kuti wagula mwachindunji kwa mwini woyamba. Sukaima pamzere ku ofesi ya licensing ya ku Langlaagte, sulipira kanthu, ndipo dzina lako silioneka paliponse. Vuto lake ndi lomwelo: dzina lako silioneka paliponse. Lamulo la pamsewu, National Road Traffic Act ya 1996 ndi malamulo ake, limapereka masiku 21 kuti wogulitsa apereke NCO ndiponso wogula alembetse galimoto. Ukapyola, chindapusa chimayamba kuwerengedwa. Koma choopsa si chindapusa. Tsiku limene galimotoyo idzapezeke ndi vuto, palibe pepala lotsimikizira kuti unaigula mwachilungamo, kwa yani, pa mtengo wanji.

Mwa magalimoto 6 aja, atatu analibe vuto lina kupatula kuchedwa. Atatu enawo anatitengera nthawi.

Polo inalibe RC1 yeniyeni, inali ndi fotokope yokha. Wogulitsa ananena kuti yoyambirira inatayika posamuka. Titafufuza, tinapeza kuti iye analembedwa ngati mwini wogwiritsa ntchito, koma title holder, mwini weniweni pamaso pa lamulo, inali banki. M'dziko muno awiriwa ndi osiyana, ndipo banki imasunga RC1 mpaka ngongole itatha. Munthu akakuuza kuti pepala loyambirira linatayika, yamba waganiza za banki. Mwamwayi wogulitsayo anapezeka, anavomera kupempha kalata ya ndalama zotsala, ndipo zinali pafupifupi R38,000. Ndinawalangiza bambowa kuti ndalamazo alipire ku banki mwachindunji, asapatsire munthu amene anawanamiza kale. Phindu lonse la Polo linathera pamenepo.

Corolla anaigula kwa mnyamata amene dzina lake silinali la pa RC1. Mnyamatayo foni yake inali itasiya kugwira. Mwini wolembedwa anali mayi wina wa ku Soweto, amene anaigulitsa kalekale koma zindapusa za pamsewu zinkangobwerabe m'dzina lake. Anayamba ndi kukalipa, koma atamva kuti tikufuna kuchotsa galimotoyo m'dzina lake, anasaina NCO yatsopano ndi kupereka fotokope ya chitupa chake mosavuta.

Yachitatu inali Code 3, kutanthauza yomangidwanso itachotsedwa m'kaundula chifukwa cha ngozi yaikulu. Pa Facebook anailengeza osatchula zimenezi. Tinachotsa chilengezocho. Code 3 imagulitsidwa, koma wogula auzidwe, ndipo zilembedwe pa invoisi. Ndionjezepo kuti Code 2, ya galimoto yakale wamba, sikutanthauza kuti galimoto sinagundidwepo. Ambiri amene a inshuwalansi anawakana kukonza amatuluka ku okushoni akadali Code 2, ndipo wogulitsa amene akudziwa mbiri yake ayenera kuinena ndithu.

Tinayambira pa malo, osati pa fomu

Bambowa ankafuna kuti mawa lake tikadzaze fomu kupolisi. Ndinakana. Satifiketi ya apolisi imamangidwa pa adiresi. Imatchula malo amene katundu akusungidwa, lamulo limaletsa kusungira kwina, ndipo malo aliwonse amafuna satifiketi yakeyake. Nyumba ya ku Rosettenville inali ya Residential 1, malo okhalamo anthu, pansi pa Land Use Scheme ya mzinda ya 2018. Kusintha zoning, kutanthauza ntchito imene malowo analoledwa, kumafuna mwini nyumba, katswiri wa mapulani, ndalama zambiri ndi miyezi yambirimbiri, ndipo landilodi, amene aneba anali atamuimbira kale, sanafune n'kumva komwe.

Choncho anafunafuna yadi, ndipo anapeza mbali ya yadi ya munthu wina pafupi ndi Jules Street, yokwana magalimoto 8. Mwini yadiyo anati asavutike ndi mapepala, agwiritse ntchito satifiketi yake. Zimenezo n'zosatheka: satifiketi ndi ya munthu wolembedwapo, ndipo galimoto iliyonse yolowa pansi pake imakhala ya m'kaundula wa iyeyo. Tsiku limene awiriwo adzayambane, katundu ali m'buku la mnzako. Tinapempha lizi yolembedwa m'dzina la kampani ya bambowa, yosonyeza mbali yawo pa pulani, chilolezo cha mwini malo weniweni, ndi satifiketi ya zoning tisanasaine. Anzanga, pepala la zoning muzilipempha lizi isanasainidwe. Ndaonapo anthu atalipira dipoziti ya miyezi iwiri pa malo amene sangalembetsedwe.

Kenako panabwera nkhani ya msuweni, imene inali yovuta kuposa ya malo chifukwa inali ya pachibale. Iye ankafuna kulowa m'kampani ndi kumayendetsa yadi akakhala m'tauni. Koma amalowa m'dziko ndi chidindo cha mlendo cha masiku 30, chimene sichilola kugwira ntchito kapena kuyendetsa bizinesi. Business visa, kuyambira 2014, imafuna mpamba wa R5 miliyoni. Komanso Second-Hand Goods Act imakaniza kulembetsa munthu amene sakhala m'dziko muno mokhazikika, ndipo ikakhala kampani, pamafunika munthu woyenerera amene akuyendetsadi malondawo ndi kuyankha mafunso onse. Bambowa anali woyenerera. Msuweni ayi. Tinagwirizana kuti ndalama zake zilembedwe ngati ngongole ku kampani, ndi masiku obwezera, ndipo akafuna galimoto yopita ku Malawi azigula ngati kasitomala wina aliyense. Sanakondwe. Anati, "Asuweni, ndalama zanga mwazilandira, dzina langa ndiye mukulikana?" Koma anasaina.

Kwa amene alibe chilolezo chokhazikika, madobadoba amapereka njira yobwereka dzina la mbadwa. Ine sindikonza mapepala otero. Wobwereketsa dzinayo ndiye mwini pamaso pa lamulo, ndipo tsiku limene adzafune yadi yonse, wobwerekayo alibe kokadandaula.

Malo atapezeka, zina zinayenda mwa ndondomeko yake: fomu ya SAPS 601 pa siteshoni ya dera limene kuli yadi, zidindo za zala, pulani ya malo, umboni wa akaunti ya kubanki, mapepala a kampani, ndiye a DSO kubwera kudzaona malowo. Nthawi yodikirayo bambowa sanagule galimoto ngakhale imodzi. Lendi ya yadi ankalipira ndi ntchito yowongolera anzawo. Satifiketi itatuluka, yogwira ntchito zaka 5, inapachikidwa poonekera mu ofesi ya kontena. Ku licensing tinatenga nambala ya bizinesi, BRN, bambowa ngati proxy, mayi a kunyumba ngati representative, ndiwo oimira kampani pa mapepala a magalimoto. Magalimoto onse analowa m'dzina la kampani ngati dealer stock, ndipo tinapempha trade plate, nambala yapadera ya ogulitsa magalimoto, kuti kasitomala aziyesa galimoto pamsewu mosaphwanya lamulo. Nambala imeneyo si yopitira kutchalitchi Lamlungu, ndinanena kawiri.

Kaundula tinaupereka m'manja mwa mayi. Ndi munthu wosamala, ndipo saopa kuuza mwamuna wake kuti ayi. Lamulo limafuna kuti pa galimoto iliyonse palembedwe VIN (nambala yozindikiritsa galimoto), nambala ya chasisi ndi ya injini, makilomita, mtundu wa kunja ndi wa m'kati, ndi zizindikiro zina monga microdot. Palembedwenso dzina ndi adiresi ya wogulitsa kapena wogula, ndipo fotokope ya chitupa chake isungidwe zaka 5. Limaletsanso kugulitsa kapena kusintha maonekedwe a katundu masiku 7 asanathe chimugulireni. Kwa munthu wopopera penti lamulo la masiku 7 limawawa, chifukwa manja amayabwa galimoto ikangolowa pageti.

Mapepala amene iwo sankawadziwa n'komwe

Kuyambira pa 19 Disembala 2022, wogulitsa katundu wa R100,000 kapena kuposa pa chinthu chimodzi ali m'gulu la high-value goods dealers pansi pa FICA, lamulo lolimbana ndi ndalama zachinyengo. Ayenera kulembetsa ku Financial Intelligence Centre, kudziwa kasitomala wake, kukhala ndi ndondomeko yolembedwa, ndi kupereka lipoti pa webusaiti yawo ya goAML akalandira kashi yopyola R49,999.99. South Africa itaikidwa pa grey list ya FATF, mndandanda wa mayiko ofooka polimbana ndi ndalama zachinyengo, mu Febuluwale 2023, mabanki anayamba kufunsa kwambiri za kashi yolowa m'maakaunti a mabizinesi ang'onoang'ono. Makasitomala a bambowa ambiri amabwera ndi ndalama m'chikwama, ndiye izi sizinali zongokwaniritsa mwambo.

Za VAT ndinangowawerengera. Malire olembetsa mokakamizidwa panthawiyo anali R1 miliyoni pa miyezi 12, ndipo amawerengera zogulitsa zonse, osati phindu. Magalimoto 10 a R100,000 afika kale. Anachita mantha, mpaka nditawaonetsa kuti wolembetsa VAT akagula galimoto yakale kwa munthu wamba amaloledwa kubweza gawo la 15/115 la mtengowo. Pa galimoto ya R115,000 ndi R15,000. Koma SARS, bungwe la misonkho, imafuna fomu ya VAT264, chitupa cha wogulitsa ndi umboni wa malipiro, zomwe zija za m'kaundula. Amene amadumphitsa mapepala amataya ndalama imeneyi pa galimoto iliyonse osadziwa.

Pa malisiti awo akale ankalemba "voetstoots" ndi zilembo zazikulu, kutanthauza kuti wogula watenga galimoto monga ilili. Kwa wochita malonda mawuwa sateteza monga amaganizira. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 56, imapatsa wogula miyezi 6: galimoto ikapezeka ndi vuto limene sanauzidwe, iye ndiye amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa, kapena kubwezeredwa ndalama. Chimene chimateteza ndi kulemba mavuto odziwika limodzi ndi limodzi, wogula n'kusaina. Tinawalembetsanso kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, kumene madandaulo otere amapita.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali china. Bambowa ankagulitsa magalimoto kwa anzawo a kwathu molipira pang'onopang'ono, n'kuonjezapo kangachepe pamwamba. RC1 ankaisunga ngati chikole, pamodzi ndi kiyi yachiwiri, ndipo munthu akalephera kulipira ankapita usiku kukaitenga. Iwo ankaona ngati akuthandiza abale amene banki singawabwereke, ndipo mbali ina n'zoona. Koma kuyambira 2016, aliyense wopereka ngongole ya chiwongoladzanja pansi pa National Credit Act ayenera kulembetsa kwa National Credit Regulator, ngakhale ngongoleyo ikhale yochepa. Mgwirizano wa munthu wosalembetsa khoti likhoza kuuthetsa, ndipo kulanda galimoto popanda chilolezo cha khoti ndi kudziputira mlandu wekha. Tinasiya njirayi. Wofuna kulipira pang'onopang'ono tsopano amachita lay-by, galimoto imakhala pa yadi mpaka atamaliza.

Hilux

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Msuweni anali ndi kasitomala wa ku Lilongwe amene anali atasintha kale ndalama zake kukhala marandi, ndipo ankafuna Toyota Hilux mitengo isanasokonekere. Ndalamazo zinalowa ku kampani, lipoti la kashi linapita, mapepala a kasitomalayo tinawasunga. Msuweni anapeza Hilux pa Facebook pa R240,000, mtengo wotsika moonekeratu poyerekeza ndi zinzake za chaka chomwecho. Wogulitsa ankafuna kukumana pa filling station, ndipo ankafuna kashi.

Mayi anakana zonse ziwiri. Anati galimoto ibwere pa yadi, ndipo ndalama zipite kudzera kubanki, pa EFT, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa RC1. Munthuyo anang'ung'udza koma anabwera, wovala bwino, wolankhula mwaulemu. Mayi anatenga chitupa chake, anachijambula, anamujambula iyenso ataima pambali pa galimoto, n'kudzaza mzere wonse wa m'kaundula. VIN ya pagalasi, ya pachitseko, ya pa disiki ndi ya pa RC1 zinafanana. Pa NaTIS panalibe chizindikiro chilichonse chokayikitsa. Analipira.

Msuweni ankafuna kunyamuka Lachisanu lomwelo, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukalowera pa Mwanza. Bambowa anandiimbira foni ali naye pomwepo. Ndinawakumbutsa za masiku 7, komanso kuti galimoto yotuluka m'dziko kupita ku dziko la SADC imafuna SARPCCO clearance, kalata yochokera kupolisi yotsimikizira kuti si yobedwa. Msuweni analanda foni. "Achemwali, inu mumadya za mapepala, ife timadya za msewu. Pa boda ndimadziwana ndi anthu. Mapepala sadyedwa." Ndinayankha kuti galimotoyo ndi ya kampani mpaka invoisi italembedwa, ndipo woyankha mlandu wake ndi amene dzina lake lili pa satifiketi ya pakhoma. Bambowa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati kiyi akhala nayo iwo.

Tsiku la clearance, wapolisi anatsegula boneti, anaunika ndi tochi ya kuwala kwa buluu, n'kuika kagalasi kokulitsa zinthu pamalo pamene panawala. Kuyambira pa 1 Seputembala 2012 galimoto yatsopano iliyonse m'dziko muno imapoperedwa timadontho ta microdot masauzande, tating'ono ngati kamchenga, ndipo kalikonse kamanyamula nambala yolozera galimoto imodzi yokha. Nambala ya pa timadonthoto inalozera Hilux ina, imene inalandidwa ndi achifwamba miyezi ingapo m'mbuyomo. Wapolisiyo anawaitana bambowa kuti agwade aone pa chasisi. Pamalo a nambala chitsulo chinali chitapalidwa, penti yake yokhuthala kuposa pozungulira, ndipo zilembo zina zinapendekeka pang'ono. Munthu amene wakhala zaka zambiri akupala ndi kupopera anazindikira nthawi yomweyo. Kungoti tsiku logula sanalowe pansi.

Akuba anali atatenga manambala ndi mapepala a Hilux ina yabwinobwino n'kuveka yobedwayo. N'chifukwa chake NaTIS inalibe chonena: inkayankha za galimoto ina.

Hilux inalandidwa pomwepo, ndipo bambowa anawalowetsa mu ofesi. Kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wobedwa n'kulephera kufotokoza mogwira mtima ndi mlandu pansi pa gawo 36 la General Law Amendment Act ya 1955, ndipo kusunga galimoto ya manambala osinthidwa popanda chifukwa chomveka ndi mlandu wina pansi pa gawo 68 la lamulo la pamsewu. Mayi anafika ndi kaundula ndi fayilo: fotokope ya chitupa, chithunzi cha wogulitsa, nambala yake ya foni, umboni wa EFT, mauthenga onse a pa WhatsApp, ndi fotokope ya satifiketi. Panalinso mfundo yakuti galimotoyo anaibweretsa okha kupolisi. Madzulo anatuluka atalemba sitetimenti ngati mboni.

Ndikuganiza za munthu yemweyu miyezi 9 m'mbuyomo, ali ndi jumbo ya mafomu osalemba, kashi yoperekedwa pa filling station, ndi dzina loyamba lokha la wogulitsa. Akanagona m'chitokosi. Ikanapita ndi msuweni, mwina ikanagwidwa pa boda iye ali pa chiwongolero, kapena m'manja mwa kasitomala ku Lilongwe, chifukwa apolisi a mayiko a m'chigawo chino amagawana manambala a magalimoto obedwa.

Koma ndisakokomeze ntchito ya kaundula. Sunawaletse kugula galimoto yobedwa, ndipo sunabweze ndi senti yomwe. Chitupa chija chinapezeka kuti chinali chachinyengo, ndipo akaunti inali itakokoledwa kale. Mapepala onse amene tinakonza amafunsa ngati manambala akufanana, ndipo wopanga chinyengo chotere ntchito yake ndi kufananitsa manambala. Chimene chikanagwira wakubayo ndi kuunika microdot ndi kulowa pansi pa galimoto ndalama zisanatuluke. Ifeyo a mapepala tizinena zimenezi momveka kwa makasitomala athu, makamaka pa magalimoto amene akuba amawakonda monga Hilux, Fortuner ndi Polo, komanso mtengo ukakhala wokoma mopitirira.

Zotsatira zake

Kasitomala wa ku Lilongwe anafuna ndalama zake, ndipo anafuna marandi, osati makwacha, zimene zinali zomveka. Kampani ndi imene inalandira ndalamazo, ndiye ngongole inali ya kampani. Bambowa anagulitsa magalimoto atatu mothamanga pa mtengo wotsika, n'kubweza m'magawo mpaka chapakati pa 2024.

Msuweni anati bambowa anadziitanira okha apolisi, ndipo anafuna mpamba wake wonse nthawi imodzi. Zikanatero yadi ikanatsekedwa. Nkhaniyi inakafika kwa akuluakulu a bungwe la maliro la anthu a kwawo, ndipo kumeneko pepala la ngongole lija linawerengedwa mokweza. Masiku obwezera anali olembedwa, siginecha yake inalipo. Akuluakuluwo anagamula kuti zitsatidwe monga zinalembedwera. Bambowa akubweza mwezi ndi mwezi. Awiriwa amapatsana moni pa maliro ndi pa ukwati, koma maoda ake msuweni amakagula kwina.

A DSO atabwera kudzayendera yadi chaka chotsatira, anaona kaundula, anafananiza mizere ingapo ndi magalimoto amene anali pabwalo, anasaina, n'kupita. Masiku ano pa yadipo sipachoka ndalama galimoto isanaunikidwe microdot ndi kukwezedwa pa jeke, ndipo wogulitsa amene akuti ali pa changu amauzidwa kuti akayese kwina. Ena amapitadi, ndipo bambowa amadandaula kuti mwina ena mwa iwo anali olungama. N'kutheka. Malonda ndi ochepa poyerekeza ndi nthawi ya panyumba, koma banki ina inavomera kumapereka ngongole kwa makasitomala awo, chinthu chimene sichikanatheka popanda mapepalawa.

Deti yopempha kuti satifiketi ikonzedwenso ndailemba kale m'buku langa, chifukwa pempholo liyenera kulowa kusanatsale masiku 90 kuti ithe. Imene ili patebulo panopa ndi nkhani ya malo achiwiri kufupi ndi Booysens, amene bambowa akufuna kuti azisungirako magalimoto oyembekezera kuwongoledwa. Malowo adzafuna satifiketi yakeyake, ndipo mwini wake sanatipatsebe pepala la zoning.